Mmene Ndinakonzera Nkhope ya Apongozi Anga

Nkhani iyi ndinkafuna kufa nayo. Koma ku Chilobwe nkhani siifa ndi mwini wake, imakwera minibasi. Sabata yatha ndinaimva ikukambidwa kumpando wakumbuyo ndi munthu amene sindimudziwa n'komwe, atathira mchere ndi tsabola yemwe, ine ndili phee kutsogolo ngati si ine. Ndiye ndati bola ndidzivule ndekha. Manyazi ndi anga, ndiwafotokoze mwadongosolo.

Ndine Lusiyano, kwathu ndi ku Chikwawa. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Makata, kukweza ndi kutsitsa makatoni. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, osati chifukwa mutu unali wouma, zinangovuta kunyumba. Koma njala ya sukulu sinandichoke. Inakhala m'mimba zaka zonsezi, mpaka tsiku limene ndinagula foni ya galasi lalikulu n'kuzindikira kuti pa intaneti pali aphunzitsi osakwapula.

Kuyambira pamenepo lanchi yanga inasintha ntchito. Anzanga akamathamangira ku chiwaya, ine ndinkakaima kuseri kwa ofesi ya abwana, pansi pa zenera pamene wayifayi imadontha, n'kumaonera mavidiyo. Chifukwa chimene thambo limaonekera la buluu. Mmene ndege, chitsulo chonse chija, imakhalira m'malere osagwa. Mmene opanga mafilimu amagwetsera mvula dzuwa likuswa mtengo. Ndisaname, zinthu zimenezi zinkandifika pamtima. Munthu wa zaka makumi anayi, wonyamula makatoni, ukamva koyamba kuti kuwala kwa nyenyezi ina imene ukuionayo kunanyamuka agogo ako asanabadwe, umayamba wakhala pansi kaye.

Vuto linali limodzi. Lanchi ndi mphindi makumi atatu, ndipo anthu a m'mavidiyo amakonda kuyamba ndi mawu ambirimbiri: moni, dzina, mbiri ya moyo wawo. Ife a ku Chikwawa moni timaulemekeza, koma wa pafoni ndinkaudumpha. Chala pagalasi, kukoka mpaka pamene manja ayambira ntchito. Ndinkati ndikusunga nthawi.

Ndipo zinkayenda. Ndinakonza simbi yamagetsi ya kunyumba. Ndinakonza mpopi wa aneba. M'minibasi ndinkafotokozera anthu za kadamsana mpaka makondakitala anayamba kunditcha Pulofesa, dzina limene ndinkalikana ndi pakamwa pokha. Mkazi wanga Esinati ankangondipirira. Ndikayamba za mapulaneti pa chakudya, ankati, "Bambo a Tadala, idyani, mapulanetiwo sathawa."

Munthu mmodzi yekha ndi amene upulofesa wanga sunkamufika: apongozi anga aamuna, bambo ake a Esinati. Ndi mkulu wa ku Nsanje, anagwira ntchito ya njanji ku Limbe mpaka kupuma, ndipo amakhala ku Bangwe. Sanandinyozepo, komanso sananditamandepo. Zaka khumi ndi ziwiri za ukwati, ine ndikafika kwawo ndinkakhala pakampando kafupi ndi khomo, maso pansi monga mwa mwambo, iwo n'kufunsa za ana ndi za mvula. Macheza athu ankathera pomwepo. Ndinkalakalaka tsiku limodzi lokha atanena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wa mutu.

Lamulungu lina anatiitana. Banja linali litagwirizana zomanga chiliza cha malemu amayi ake a Esinati kumudzi ku Nsanje. Mayiwo anamwalira Esinati ali Sitandade 6, moti ine sindinawaonepo, ana anga sanawaonepo. Achibale ankafuna kuti pa tsikulo anthu adzavale matisheti okhala ndi nkhope yawo.

Apongozi analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kanthu kokulunga m'chitenje. Chinali chithunzi cha ukwati wawo, chojambulidwa mu situdiyo ina ku Limbe kalekale. Iwo ali chilili mu suti, tsitsi lonse lilipo. Pambali pawo mkwatibwi wovala velo, masaya ofiirira, akumwetulira pang'ono ngati wina wamuuza kuti asaseke. Zithunzi zina zonse za malemu zinapita ndi madzi osefukira kumudzi. Chotsala padziko lonse lapansi chinali chimenechi, chachikasu ndi ukalamba, chodzaza timadontho ta ntchentche, ndi banga la bulauni patsaya la mkwatibwi.

"Akamwini," anatero, "inu mumadutsa pa Ginnery Corner tsiku lililonse. Akuti pali anthu a makompyuta. Mukawapatse, akatenge nkhopeyi, mudzabweze."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ntchito yanga inali yomweyo basi: kunyamula, kupereka, kubweza. Ndi ntchito imene ndimagwira ku Makata chaka ndi chaka, imene ndimaidziwa kuposa ina iliyonse.

Tsoka ilo, sabata yomweyo ndinali nditaonera vidiyo ya mzungu wina wokonza zojambula zakale. Ankakulunga thonje pakamtengo, kuviika m'kabotolo, n'kupukuta pang'onopang'ono. Mayi wina wa pachojambula, amene anakhala wachikasu zaka mazana awiri, anayamba kuyera mbali imodzi ngati wangochoka kosamba. Vidiyoyo ndinaionera kanayi, ulendo uliwonse kukamwa kuli yasa.

M'minibasi pobwerera, chithunzi chili pamiyendo, maganizo anayamba kundinong'oneza. Zoona apongozi anga akaonekere kwa anthu a m'tauni ali ndi zantchentche kumaso, m'banjamo muli Pulofesa? Ndinadziona ndikubweza chithunzi chili mbee, mkulu uja akuvula magalasi n'kunena kuti "pyadidi", mawu a Chisena amene amawatulutsa kamodzi pachaka, chinthu chikawakomera kwenikweni. Pofika ku Chilobwe ndinali nditavomera kale kuyamikidwa.

Loweruka masana Esinati anapita kukwaya, ana n'kumutsatira. Ndinakokera tebulo pazenera. Thonje ndinali nditagula ku famase, timitengo ndinatenga ta machesi. Chinatsala ndi madzi a m'kabotolo aja. Botolo la mzungu linalibe dzina, koma ine ndinaganiza mwasayansi: chimene chimachotsa litsiro n'kuuma msanga ndi chiyani? Sipiriti, yemwe uja ometa tsitsi amatipaka m'khosi. Ndinaikanso kambale ka madzi a sopo pambali, kuti pakavuta pakhale wothandiza. Foni ndinaitsamiritsa pachitini cha shuga, mzungu akugwira ntchito yake, ine yanga, ngati anthu a kampani imodzi.

Ndinatulutsa chithunzi m'felemu n'kuyambira pakona, pa katani ya kumbuyo kwa akwatiwo. Thonje linatuluka lakuda, katani n'kuwala. Ndinaimirira n'kuzungulira tebulo kamodzi ndi chimwemwe. Ndinapukuta suti ya apongozi, nayonso inatsitsimuka. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kenako ndinafika patsaya paja.

Nditapukuta kamodzi, thonje linatuluka la pinki. Ndinaliyang'ana n'kudziuza kuti litsiro lakale limakhala la mitundumitundu. Ndinapukutanso. Banga linachokadi, koma linanyamula tsaya n'kupita nalo. Tsopano mkwatibwi anali ndi tsaya limodzi lofiira, lina loyera. Ndinaganiza zofananiza mbali zonse ziwiri, monga amachitira wometa akalakwitsa kumanzere. Sipiriti ataoneka kuti akuchedwa, ndinaviika m'madzi a sopo. Pamenepo pepala linayamba kuterera, kenako kusupuka. Mphuno inatsatira tsaya. Diso lakumanzere linatsetserekera kukhutu, ine n'kuyesa kulibweza ndi chala.

Mphindi zisanu zisanathe, pansi pa velo panali poyera ngati dzira lophika losenda. Velo inalipo, maluwa m'manja analipo, mkwati anali chiimire pambali osadziwa kanthu. Nkhope yokha ya mayi wa mkazi wanga inali itagawanika pa timathonje tisanu ndi tiwiri patebulo panga.

Ndinatenga foni n'kukokera vidiyo kumayambiriro, kumene ndinkadumpha kuja. Mzungu uja, atakhala mwaulemu, ankafotokoza kuti ntchitoyi anaiphunzira zaka zambiri, ndipo mankhwala ake amasakaniza malinga ndi chojambula chilichonse. Anati zimene akuonetsazo ndi za zojambula za penti yamafuta pansalu, munthu asayerekeze pa chithunzi cha kamera, makamaka zakale zija ankazipaka mitundu ndi manja. Anamaliza ndi kunena kuti iye asanakhudze chinthu, amayamba wachijambula kaye.

Ndinayang'ana foni m'manja mwanga. Foni ya kamera. Nthawi yonseyo inali itatsamira chitini cha shuga, moyang'anizana ndi nkhope ija.

Ndinamva chisoni chenicheni, osati mantha okha. Mayi amene sindinawaonepo, amene sanandilakwirepo, anapulumuka madzi a ku Nsanje n'kudzamira m'kambale ka sopo ku Chilobwe. Munthu wanzeru akanaima pamenepo, n'kudikira mkazi wake pakhomo ndi chilungamo m'manja. Ine ndinayamba kufufuza vidiyo ina.

Esinati atabwera anapeza chithunzi chili m'chitenje mwake, pamwamba pa wadirobu. Ndinamuuza kuti ndachiyeretsako pang'ono, ndipo chiyenera kukhala mumdima sabata yathunthu kuti makemikolo akhazikike. Mawu akuti makemikolo amatseka nkhani zambiri. Anandiyang'ana ndi maso ofatsa.

"Mwachita bwino," anatero. "Amayi ankadana ndi uve."

Tsiku limenelo ndinadya ngati wodwala.

Lolemba nditaweruka ndinatsikira pa Ginnery Corner, n'kulowa m'kashopu kena kosindikiza makadi ndi matisheti. Bambo wa pakompyuta anavundukula chitenje, anayang'ana chithunzi, n'kundiyang'ana ine.

"Big man, mukufuna tipange sikani chiyani apa?"

"Nkhopeyo. Mungaibweze? Kompyuta imatha zambiri, ndinaonera."

"Kompyuta imakonza chimene chilipo. Inu mwabweretsa puloti yopanda nyumba."

Ataona kuti ndatsala pang'ono kulira, anandimvera chisoni mwa njira yake. Anatsegula pakompyuta nkhope za amayi ambirimbiri, onenepa ndi oonda, n'kundiuza kuti ndisankhe mmodzi amuikepo, velo ibisa malire. Ndinakwiya. Ine, munthu wa mpingo, ndikaimike mayi wachilendo pambali pa apongozi anga? Ndinakulunga chithunzi changa n'kutuluka ndi ukali wa munthu wolungama, ndikupita kukachita choipa choposa.

Nzeru zanga zinali izi: nkhope ija ndinali nditaiyang'ana pafupi kwa ola lathunthu, ndiye kuti inali m'mutu mwanga. Chofunika chinali kungoitsitsira papepala. Lachiwiri ndinapita ku Limbe kukagula timapenti tija amagwiritsa ntchito ana asukulu, ndi kaburashi kakang'ono kwambiri kamene ndinakapeza. Ndinasiya za ndege ndi nyenyezi, n'kuyamba maphunziro ojambula nkhope ya munthu. Ulendo uno ndinkaonera kuyambira pa moni.

Mphunzitsi wake anali mayi wina wa mawu ozizira bwino. Anandiphunzitsa kuti maso amakhala pakati penipeni pa mutu, osati pamwamba monga timaganizira, ndipo makutu amayambira pamzere wa nsidze. Anati nkhope zonse za anthu zimamangidwa pa pulani imodzi, ndiye ngati ulibe munthu wokukhalira kuti uzimujambula, gwiritsa ntchito galasi loyang'anira kuti uone pamene kuwala ndi mthunzi zimagwera. Ine ndinalibe wondikhalira, chifukwa nkhani yanga inali ya chinsinsi.

Sabata yonseyo lanchi ndinkadzitsekera kuchimbudzi cha kuntchito, kumene kuli kachidutswa ka galasi pakhoma, n'kumajambula pa zidutswa za makatoni. Anzanga anaganiza kuti ndatsegula m'mimba. Wina anandibweretsera mizu yoti ndizitafuna, ndipo ndinaitafuna, chifukwa kufotokoza kukanawawa kuposa mizuyo.

Koma nkhope ya m'mutu ija inkathawa. Ndikatseka maso ndinkangoona dzira. Ndiye Lachinayi madzulo, Esinati akusadzula nkhwani pakhonde, ndinakhala pafupi n'kufunsa ngati nkhani wamba kuti kodi amayi anali ndi mphuno yotani.

Anasiya kusadzula. Anati za mphuno sakudziwa bwino. Koma anandiuza kuti amayi ake akamaseka ankatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Loweruka ankamuluka tsitsi mokoka kwambiri, uku akuimba kuti mwana aiwale kuwawa. Manja awo ankanunkhira sopo ndi nsomba zouma zimene ankagulitsa. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti maliro atatha, nkhope ya amayi ake inayamba kumuthawa m'mutu, ndiye ankalowa mozemba kuchipinda cha bambo ake kukaiyang'ana pachithunzi. Anati mpaka lero akapita ku Bangwe amachita zomwezo, amanamizira kukapukuta fumbi.

Ine ndinkafuna miyeso: kutalika kwa mphuno, kukula kwa chipumi. Nthawi yonse imene ankayankhula, maso anga anali pafoni, pa mutu wa munthu wodulidwa ndi mizere.

"Zaka khumi ndi ziwiri simunandifunsepo za amayi," anatero, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Zikomo, bambo a Tadala."

Nthawi youlula inali imeneyo, Mulungu anali atanditsegulira khomo lonse. Ndinafunsa za makutu.

Loweruka lotsatira, kwaya itandichotseranso anthu m'nyumba, ndinakhala patebulo lomwe lija. Kumanzere foni, kumanja galasi la Esinati, pakati chithunzi. Ndinasakaniza bulauni mpaka anafanana ndi wa manja a mkwatibwi. Ndinagwira ntchito maola atatu, mosamala kuposa mmene ndinagwirirapo ntchito ina iliyonse m'moyo wanga. Ndikakayika pamene mthunzi ugwere, ndinkayang'ana pagalasi monga anandiphunzitsira.

Nditamaliza ndinabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Inali nkhope ya munthu ndithu. Maso awiri pamalo pake, mphuno imodzi, pakamwa pomwetulira pang'ono. Koma chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti nkhopeyo ndinkaidziwa. Mtima unkandiuza kuti munthu ameneyu ndinamuonapo penapake, osati kamodzi. Ndinati umenewo ndiye umboni wakuti ndabweza mwini wake.

Lamulungu titachoka ku Misa tinapita ku Bangwe. Ndinali nditakonza zonena kuti a makompyuta atenga mawa, koma ndinafuna eni ake aone kaye mmene chayerera. Ndinkadalira kuti maso a ukalamba andithandiza. Za Esinati ndinkangopemphera.

Ana atatuluka kukasewera, ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. Apongozi anavundukula chitenje pang'onopang'ono, Esinati ataima kumbuyo kwa mpando wawo. Mkulu uja anavala magalasi. Anawavula, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Kenako anadzuka n'kupita nacho pakhomo pamene pali kuwala.

"Akamwini."

"Bambo."

"Tadzutsani mutu."

Ndinadzutsa. Kanali koyamba m'zaka khumi ndi ziwiri kuti ine ndi iwo tiyang'anane m'maso. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, anayang'ananso chithunzi.

"Nanga ndevu mwasiyiranji?"

Apo m'pamene maso anga anatseguka. Chipumi chotakata chija chinali changa. Makutu oimirira aja anali anga. Mphuno inali ya kwathu ku Chikwawa, ya bambo anga ndi agogo anga. Ngakhale kachipsera ka pansidze, pamene ndinatemeka ndi lamba wa katoni, ndinali nditakaika mokhulupirika. Pansi pa velo, maluwa ali m'manja, pambali pa apongozi anga, panaima Lusiyano.

Esinati sanakuwe, sanatukwane. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anafunsa ndi mawu aang'ono ngati a mwana wa Sitandade 6.

"Bambo a Tadala, amayi ali kuti?"

Sanadikire yankho. Anatuluka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Ndili chigwadire ndinaulula zonse: thonje, sipiriti, sopo, bambo wa pa Ginnery Corner, galasi. Apongozi anamvetsera osandidula. Anangofunsa ngati mzungu wa m'foniyo ndi amene anandiuza kuti ndichite zimenezi. Ndinayankha kuti ayi, iye analetsa, koma poletsapo ndinadumpha, ndipo ine cholinga changa chinali chabwino. Anagwedeza mutu n'kunena kuti kunjanji munthu akadumpha nyali yofiira, sankamufunsa ngati anali ndi mtima wabwino.

Anakhala pansi, chithunzi chili pamaondo.

"Ine simunandilande kanthu," anatero. "Nkhope imeneyo ndimadzuka nayo m'mawa uliwonse. Mwalanda uyo ali kuseriyo, ndi ana anu omwe."

Ndikanakonda akanandimenya ndi felemu. Atayankhulanso sanakweze mawu.

"Koma chondidabwitsa n'chimodzi. Mumafuna nkhope ya malemu, mwakafunsa mzungu, mwakafunsa galasi. Esinati ndi mayi ake enieni, kuyambira tsitsi mpaka chibwano. Mumadya naye pamodzi tsiku ndi tsiku. Simunamuyang'anepo?"

Ndinkatha kufotokoza chifukwa chimene mwezi umasinthira maonekedwe, koma sindinkadziwa kuti mkwatibwi wa pachithunzi, amene ndinamuyang'ana ola lathunthu ndisanamufufute, ndi nkhope yomweyo imene imandipatsa moni m'mawa. Lachinayi lija inali pafupi nane pakhonde, ikundiuza za mwini wake, ine maso ali pafoni.

Matisheti anatuluka ndi dzina la malemu ndi vesi basi. Ku Nsanje pomanga chiliza ndinapempha ntchito yonyamula simenti ndi madzi, ndipo palibe anandiletsa. Esinati anatha masabata awiri akundiyankhula za mchere ndi za ana zokha. Ndivomereze kuti tsiku lina pa lanchi ndinayamba kulemba pafoni kufufuza mmene munthu angapepesere mkazi wake, koma ndinachita manyazi ndisanamalize. Ndinaika foni m'thumba n'kupita ku chiwaya ndi anzanga.

Chimene ndinachita ndi kupepesa ndi pakamwa panga, kangapo, kenako kuyamba kumuyang'ana. Akamachapa, akamapesa Tadala, akamawerenga nyimbo za kwaya. Tsiku lina anandigwira.

"Mukundiyang'ana chiyani?"

Ndinamuuza zimene ananena bambo ake. Zinaoneka kuti iyenso palibe anali atamuuzapo momveka chonchi, chifukwa mkulu uja si munthu wotaya mawu. Analowa kuchipinda n'kukaima pagalasi, lomwe lija ndinalakwira nalo, ndipo anakhalitsa. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinganame kuti chimene ndinafufuta chinabwerera. Koma m'mawa mwake ndinapeza madzi osamba atanditenthetsera.

Chinatsala ndi chithunzi. Ndinatuma Esinati kuti akandipemphere, ndidule mbali yolakwikayo, kutsale mkwati yekha. Apongozi anakana. Anati ndi chithunzi chawo cha ukwati, alibe china, ndipo suti yawo yatuluka bwino kuposa kale. Anachibwezera m'felemu, n'kuchichotsa kuchipinda kumene chinkakhala, n'kuchikhoma pabalaza, moyang'anizana ndi kampando kanga ka pakhomo.

Mwezi wotsatira tinawapeza ali ndi mlendo, mkulu mnzawo wa masiku a njanji. Tinapatsana moni, ine n'kukhala pamalo panga. Mlendoyo maso ake ankangobwerera pakhoma. Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana tiyi wake. Pomaliza ulemu unamuthera, anafunsa kuti kodi pachithunzipo ndi ndani.

Apongozi anaika kapu pansi mosafulumira.

"Wa sutiyo ndine, ndili mnyamata. Wa veloyo ndi akamwini angawa. Tinakwatirana ku Limbe, iwo asanabadwe!"

Ndipo anaseka mpaka kutsokomola, mlendo akuwamenya pamsana, Esinati kukhitchini akulephera kudzigwira, ine maso ali pansi monga mwa mwambo.

Abale anga, akakutumani kunyamula, nyamulani basi. Mukawonjezapo nzeru, mudzapezeka mwakwatiwa ndi apongozi anu.